Buluzi wa aNangozo

Sabata yamawa pakwana chaka chimwalirireni aNangozo. Pa gulu lathu la pa foni anthu ayamba kale kutumizirana zithunzi, ndipo pafupifupi chilichonse chikuwaonetsa atavala yunifolomu ya unesi kapena ya amayi a kutchalitchi, manja atapinda pamimba ngati munthu wofatsa. Sindikutsutsa, anali nesi wabwino komanso Mkhristu weniweni. Koma kufatsa ayi. Ine ndikufuna ndilembe za manja omwewo atagwira gitala.

Dzina la pa ziphaso zawo linali Esinati, koma ku Oldbury kuno palibe amene ankalitchula. Anali aNangozo basi, mayi wa ku Ntcheu, wamfupi, wa mapewa otakata, amene anawolokera ku England ali ndi zaka zopitirira makumi asanu, nthawi ija manesi ambiri a kwathu ankabwera kuno. Ine ndinawapeza pa wodi ya okalamba nditangofika kumene. Loweruka lina anandiitanira tiyi ku fulati kwawo, ndipo ndinanyamula Baibulo poganiza kuti tikamwa tiyi tiwerenga Mawu. Tinawerengadi, mavesi awiri. Kenako anapukuta manja pa chitenje, n'kusolola gitala kuseri kwa sofa.

Inali gitala wamba yopanda magetsi, yokandikakandika, imene anaigula pa msika wa ku Bilston kwa bambo wina wogulitsa katundu wakale. Ankakonda kufotokoza mmene anaisankhira. Panali zitatu, ziwiri zonyezimira. Iwo anagogoda iliyonse kumsana ndi chala, khutu atagunditsa, kenako n'kununkhiza pa bowo lake. Anatenga yonyansayo, ati chifukwa inali itaimbidwapo kale ndi munthu, sinkafunikanso kuphunzitsidwa kulira.

Nyimbo zawo zinali zija Azungu amati blues, zakalekale, za anthu akuda a kumidzi ya ku Amereka, munthu mmodzi ndi gitala yake. Iwo ankati buluzi. Katchulidwe koyenera ankakadziwa bwino lomwe, koma ankati buluzi ndilo dzina lake lenileni, chifukwa nyimboyo imathamanga pang'ono n'kuima, kugwedeza mutu, n'kuthamanganso, ndipo ukati uigwire umatsala ndi mchira wokha m'manja.

Tsiku loyambalo ndinayang'anadi kuseri kwa sofa kuti mwina kuli wailesi, chifukwa ndinkamva magitala awiri. Chinsinsi chinali pa dzanja lamanja. Chala chamanthu chinkamenya nsambo zonenepa zija, kuchoka pa ina kupita pa inzake n'kubwerera, osaphonya, osafulumira, ngati amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi. M'mphepete mwa chikhatho ankakhudzitsa pang'ono pa nsambozo kuti zisalire motalika, zingoti du, du, du. Pamene chala chamkombaphala ndi chapakati zinkatola nsambo zowonda, ndipo izo zinalibe lamulo. Pena zinkafika msanga, pena mochedwa, pena n'kukhala chete osanenako kanthu, chamanthu chikuyenda chokha. Ankatiuza kuti chala chamanthu ndi mayi wa pakhomo, amene amadzuka kupita ku shifiti kaya kugwe sinowo kaya mutu uwawe, ndipo zala zinazo ndi ana, amene amalongolola chifukwa akudziwa kuti mayi alipo. Munthu akawapempha kuti amuphunzitse, ankamupatsa ntchito ya chala chamanthu chokha kwa mwezi wathunthu. Ambiri sankabweranso.

Dzanja lamanzere linali ndi zake. Ankakanikiza nsambo n'kuikankhira m'mwamba pang'onopang'ono mpaka liwu litachoka pamalo pake, koma osalilola kufika pa linzake. Ankalisiya lili lendelende pakatipo, n'kuligwedeza, iwe womvera n'kupezeka watukula mapewa osadziwa. Akaimba mzere umodzi ndi pakamwa, gitala inkayankha. Nthawi zina liwu lomaliza la mzerewo sankalitchula n'komwe, ankangotseka pakamwa n'kusiyira nsambo kuti imalize, ndipo tonse tinkalimva ndithu n'kuseka. Mawu ankapeka okha m'Chichewa: za basi imene imanyamuka ikangokuona ukuthamanga, za bwana wa pa wodi wokonda mamitingi, za adzukulu amene ukawafunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi. Ndinawafunsa tsiku lina kuti bwanji nyimbo zimene anthu amati ndi zachisoni iwo amatiseketsa nazo. Anati amene anaziyambitsa sankaimba kuti alire, kulira anali atamaliza kale.

Loweruka lililonse limene sanali pa ntchito, kuyambira fili koloko masana, fulati ija inkadzaza. Manesi, ana a ku yunivesite, ngakhale amuna ena amene ankabwera ati kudzatenga akazi awo koma n'kukhala pansi jekete lili m'thupi mpaka sikisi. Lamulo linali limodzi: kudya idyani, kuseka sekani, koma wowomba m'manja motsatira nyimbo ankatumizidwa kukhitchini kukatsuka makapu. Ankati anthu ambiri akamawomba m'manja amakokera nyimbo kutsogolo ngati mbuzi yopita kumsika.

Mdani wawo wamkulu anali a Tembo, mphunzitsi wa masamu wochokera ku Chipata, amene amatsogolera kwaya ndi kuimba kiyibodi pa mpingo wathu. A Tembo ndi munthu wadongosolo, amene ngakhale mabisiketi amawandanda pa mbale. Iwo anali atawerenga m'mabuku kuti nyimbo za mtundu umenewu zimayenda zigawo khumi ndi ziwiri n'kubwerera poyambira. Tsiku limene anayesa kuimbira limodzi, a Tembo atafika pa khumi ndi ziwiri anatembenuka monga mwa buku, koma aNangozo anali akadali m'mbuyo, akuseweretsa kaliwu kamodzi kamene kanawakomera. Ulendo wachiwiri a Tembo anadikira, aNangozo n'kutembenuka pa khumi ndi chimodzi. A Tembo anachotsa manja pa kiyibodi n'kunena mwaulemu kuti amayi sadziwa kuwerenga. ANangozo anayankha kuti kuwerenga amawerenga madontho a diripi, nyimbo amatembenuka nayo akamaliza kunena zimene akunena. Anawonjezera kuti mawu okoma onse amakhala pakati pa mabatani awiri a kiyibodi, pamene pa chida cha aphunzitsi pamangokhala fumbi.

Mkangano umenewu unatenga zaka zoposa khumi, ndipo onse awiri ankaukonda kuposa tiyi. A Tembo sankaphonya Loweruka. Ankakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko, milomo ikuyenda mwakachetechete, akuwerenga, ndipo nyimbo ikatha ankalengeza kuti leronso zakwana khumi ndi zitatu ndi theka. ANangozo ankati thekalo atenge akagawire ana a sukulu.

Za kumene luso limeneli linachokera ankafotokoza mwa apo ndi apo. Bambo awo anagwirako ntchito ku Halale, ndipo pobwerera anabwera ndi gitala. Ankaimba kaimbidwe kaja akuluakulu ankati hauyani: gitala kuigoneka chagada pamiyendo, n'kumatsetsereza botolo pa nsambo m'malo mokanikiza ndi zala. Mwana wamkazi sankaloledwa kuikhudza. Inkakhala pa msomali pamwamba penipeni pa khoma. Bambo akapita kudimba, Esinati ankakwera pa mpando, kuitsitsa, kuimba, n'kuibweza. Anagwidwa chifukwa cha khutu lake lomwe: bambo ankaisiya nsambo zitasokonekera, pobwera n'kuipeza itachunidwa bwino. Sanamukalipire. M'mawa mwake anazula msomali uja n'kuukhomera m'munsi, pofika mwana. ANangozo akafika pamenepa ankaseka mpaka kupukuta misozi.

Kenako panabwera sukulu ya unesi, banja, ana, ndi mwamuna wabwino koma wokhulupirira kuti gitala ndi ya kumowa. Zaka makumi atatu sanaikhudze. Mwamunayo atamwalira ndi pamene anabwera kuno.

Buluzi anakumana naye pa wodi. M'mawa wina akuyala bedi, nkhalamba ina ya ku Bilston, imene inagwira ntchito m'fakitale ya zitsulo moyo wake wonse, inali ikumvetsera kaseti pa kawailesi kake. ANangozo anaima pilo ali m'manja. Anafunsa kuti munthu wa ku Ntcheu ameneyu anamujambula ndani. Nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola, n'kuwauza kuti woimbayo anali wa ku Amereka ndipo anajambulidwa onse awiri asanabadwe. Potuluka m'chipatala inawasiyira makaseti asanu. Sabata yomweyo anapita kumsika kuja.

Makasetiwo ankawamvetsera ngati dokotala akumvetsera chifuwa. Kaseti ikuchita phokoso ngati mvula pa malata, iwo ankatha kukuuza kuti uyu ali ndi zala zazitali, uyu akumenya ndi chikhadabo, uyu akutsetsereza mpeni osati botolo, uyu watopa koma akukakamira. Panali kachigawo kena kamene kanawazunza miyezi itatu. Zala zawo sizinkafika, ndipo anayamba kukhulupirira kuti woimbayo anali ndi zala zisanu ndi chimodzi. Tsiku lina ali m'basi anazindikira kuti munthuyo anali atamasula nsambo zitatu n'kuzichuna mwa njira ina, moti gitala inkalira bwino ngakhale osaikanikiza paliponse. Mmenemo ndi mmene bambo awo ankachunira. Anatsika basi isanafike kumene ankapita, n'kukwera yobwerera kunyumba.

Lamulungu lina pamwezi, akaweruka kutchalitchi, ankapita ku pabu ina, malo omwera mowa, ku Bilston kumene okonda nyimbo zimenezi amasonkhana masana. Ankalowa ndi duku lawo ndi chitenje, n'kuitanitsa tiyi. Nkhaniyi itafika kwa akulu a mpingo, awiri anatumidwa kukacheza nawo. ANangozo anawalandira bwino, anawaphikira, kenako anawauza kuti ochimwa a ku pabu ali ndi khalidwe limodzi limene oyera mtima alibe: munthu akamaimba amakhala chete. Nthumwizo zinabwerera zitakhuta, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, atapuma kale pa ntchito, anagwidwa ndi sitiroko. Anachira msanga kuposa mmene tinkaopera. Kulankhula kunabwerera, kuyenda kunabwerera, dzanja lamanja linali bwinobwino. Koma zala za kumanzere zinatsala zofooka. Kugwira kapu zinkagwira, kukanikiza nsambo ayi. Anayesa kangapo ali okha. Kenako Loweruka lina anatenga gitala ija n'kuipereka kwa a Tembo pamaso pa tonse, ati aphunzitsi akaiphunzitse kuwerenga. Tinaseka, koma iwo sanaseke.

Miyezi isanu ndi itatu inadutsa. Tinkapitabe, koma tinkangomwa tiyi TV ikulankhula. ANangozo anayamba kuvomera chilichonse. Ukati kunja kukuzizira, eya. Ukati kukutentha, eya. Makaseti anawaika m'katoni. Mwana wawo wamkazi, amene amakhala ku Longbridge, anandiuza kukhitchini kuti madokotala akuti thupi lili bwino, koma iye akuona mayi ake akuchoka pang'onopang'ono ali pampando.

Ndiye Loweruka lina a Tembo anabwera ndi gitala ija. Anati akhala akupulakatisa ndipo akufuna amayi amve. Anakhala pakati pa chipinda, anatulutsa kapulasitiki kokhwatchira nsambo, n'kuyamba nyimbo ya aNangozo yomwe, ya basi ija. Anaiimba mowongoka ngati nyimbo ya pa sukulu, nsambo zonse kukhwatcha pamodzi, akuwerenga mokweza, n'kutembenuka pa khumi ndi ziwiri ndendende. Itatha anaweramitsa mutu ngati munthu woyembekezera kuyamikiridwa. ANangozo anati zikomo aphunzitsi, maso ali pa TV.

Sabata yotsatira a Tembo anabweranso, ndi nyimbo ziwiri. ANangozo anapempha kuti TV ikwezedwe. Sabata yachitatu a Tembo anatipempha tonse kuti tiziwomba m'manja, chinthu chimene aNangozo ankadana nacho. Ine ndinawakokera pambali a Tembo n'kuwauza kuti zimene akuchitazi ndi nkhanza. Anangondiyankha kuti ndibwere sabata yamawa.

Sabata yachinayi zinafika poipa. Gitala inkalira mosokonekera kuposa kale lonse, a Tembo akuchita tsinya pokanikiza ngati zala zikuwawa, koma osasiya. Ali pakati pa ndime yachiwiri, aNangozo anazimitsa TV.

"Aphunzitsi, mukundiphera nyimbo m'nyumba mwanga momwe."

"Manje nicite bwanji, amai? Mwine wake anaisiya."

"Bweretsani kuno."

Anailandira, anaikhazika pachifuwa monga mwa masiku onse, n'kuyesa kukanikiza. Palibe chinamveka koma kaphokoso chabe. Ndinaona mwana wawo akuyang'ana pansi. Koma aNangozo sankayang'ana zala zawo. Anali atapendeketsa gitala, diso limodzi atatsinzina, akuyang'ana mpata wa pakati pa nsambo ndi khosi la gitala. Mpatawo unali waukulu moti chala chikanalowa. Kumutu kwa gitala, pansi pa nsambo, kunali kachitsulo kamene kale kunalibe.

"Wakweza nsambozi ndani?"

A Tembo anayang'ana pawindo ngati kunja kukuchitika zofunika kwambiri. ANangozo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaigoneka gitala chagada pamiyendo, anapotokola makiyi atatu ndi dzanja lamanja, khutu atatchera, n'kundiuza osandiyang'ana kuti ndikatenge kabotolo ka mankhwala a chifuwa ku bafa, otsalawo ndithire m'kapu.

Kabotoloko kanakwana bwino m'dzanja lofookalo. Sikankafuna mphamvu, kankangofuna kugonekedwa pa nsambo. Liwu loyamba linatuluka ngati mphaka wopondedwa mchira, ndipo aNangozo anaseka, kuseka kwawo kwenikweni kumene tinali tisanakumve chichokereni kuchipatala. Anayesanso. Chala chamanthu chinayamba kuyenda, du, du, du, ngati sichinapumepo. Botolo linatsetsereka kuchoka kumutu kutsika m'munsi, linaima pang'ono lisanafike, linanjenjemera, kenako n'kufika. Linali liwu lina, losiyana ndi la zala lija, lotalika, lofanana ndi munthu akuitana mnzake kutsidya kwa dambo. Anaimba mwina mphindi khumi osatsegula pakamwa. Atasiya anati kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zinayi anali asanaigonekepo gitala chonchi, ndipo dzanja lakumbukira zimene mutu unaiwala.

A Tembo anapukuta magalasi awo nthawi yaitali ndithu. Atawavala ananena kuti zinakwana khumi ndi zinayi. ANangozo anawauza kuti akatsuke makapu, ndipo anapitadi.

Pambuyo pake tinamva kuti a Tembo anayenda m'mashopu atatu a zoimbira kufunafuna kachitsulo kaja, ndipo kuimba moipa kuja ankachita kukonzekera kunyumba, mkazi wawo atatseka chitseko cha kuchipinda.

ANangozo anaimbanso zaka zinayi, ndipo ambiri timati zimenezo ndizo zinali zokoma koposa. Kuthamanga kwa zala kunatha, m'malo mwake munabwera kudekha. Ankatha kukhala pa liwu limodzi mpaka iwe kuiwala kupuma. Atabwerera ku pabu kuja anthu anaimirira. Mzungu wina wachilendo, amene anali ndi mabuku ambiri a nyimbozi m'mutu, anawafunsa kuti kaimbidwe kameneka anakatengera dera liti la ku Amereka. Anamuuza kuti Ntcheu, ukangodutsa pamsika wa mbatata ukhotere kumanzere. Munthuyo analemba m'kabuku. Ngakhale kutchalitchi, pa Pasaka wina, a Tembo anawaitanira kutsogolo kuti aimbe, a Tembowo n'kukhala pa kiyibodi manja ali m'thumba mpaka nyimbo kutha.

Anamwalira m'mawa wina wa mwezi wa Meyi, atadwala masiku ochepa. Thupi linapita ku Ntcheu monga ankafunira, ife ambiri mwambo tinaonera pa foni. Gitala ili kwa mwana wawo.

Patatha mwezi tinapita kukachotsa katundu mu fulati muja, ine, a Tembo ndi mwana wawoyo. Pofika masana zonse zinali m'galimoto. Chipinda chochezera chinaoneka chaching'ono modabwitsa, moti tinayamba kutsutsana ngati n'zoona kuti tinkakwanamo anthu khumi ndi asanu. Tili pomwepo pachitseko panagogoda mayi wina wachizungu wokalamba, wa ndodo. Anati amakhala mu fulati ya pansi. Zaka zonsezo tinkangopatsana moni pamasitepe, dzina lake sitinkalidziwa. Mwana wa aNangozo anayamba kupepesa chifukwa cha phokoso la Loweruka lililonse, koma mayiyo anapukusa mutu. Anati gitala sankaimva kwenikweni, denga ndi lochindikala. Chimene ankamva ndi phazi la aNangozo. Ikakwana fili koloko ankazimitsa TV yake, n'kukhala pansi pa malo amene phazilo linkagunda, akuluka. Anati miyezi ija linasiya anadziwa kuti kumwamba kwagwa vuto, ndipo tsiku limene linayambiranso anaimika zoluka n'kudzithirira kavinyo.

Tinayang'anana. Ife amene tinkakhala m'chipindamo maso athu ankakhala pa manja. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akanatha kunena kuti linali phazi liti.

Mayiyo anapempha kuti aone pamalopo. Sitinamulozere. Anayenda yekha ndi ndodo yake, kudutsa pakati pa chipinda, n'kukaima pafupi ndi windo, chakumanja pang'ono. Pa kapeti panali timaenje tinayi ta miyendo ya mpando, ndipo kutsogolo kwake, mbali ya kumanzere, panali kadera kakang'ono ngati chikhatho pamene ubweya unatha, ulusi wa pansi ukuonekera. Dzuwa linali litafika pomwepo. Windo linali lotsekula, makatani titachotsa kale, ndipo kunja kunkamveka magalimoto a mumsewu waukulu. Tinaima anayife mozungulira kaderako kwa kanthawi, aliyense akusamala kuti asapondepo.